Sitima Inyamuka Thupi Likadali ku London

Bwalo la ndege la mzinda wa Sydney, m'dziko la Australia, lili ndi lamulo loletsa ndege zikuluzikulu kutera kapena kunyamuka kuyambira 11 koloko usiku kufikira 6 koloko m'mawa, kuti anthu okhala m'nyumba zoyandikana nalo azipeza tulo. Kaamba ka lamuloli, ndege zambiri zochokera kutali zimakonza ulendo wawo kuti zifike kutangocha, ndipo 6 koloko ikangokwana zimatera motsatizana ngati akakowa padambo. M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene ku Ulaya kuli chisanu choopsa koma ku Australia kukutentha, ena mwa anthu otsika m'ndegezo amakhala Angerezi amene adasunga ndalama kwa zaka zingapo kuti adzakwere sitima yapamadzi yozungulira zilumba za New Zealand. Ambiri a iwo ndi achikulire opuma pantchito. Amatuluka pabwalopo maso ali psuu, mapazi atatupa, atakhala pampando maola oposa makumi awiri, ndipo ena sitima yawo imakhala ikunyamuka madzulo a tsiku lomwelo.

Ulendo woterewu Angerezi amautcha cruise. Sitima yake ndi hotela yoyandama, yokhala ndi zipinda zogona, malo odyera, madamu osambiramo ndi holo ya zisudzo, ndipo zikuluzikulu zimanyamula alendo oposa 3,000 pamodzi ndi antchito oposa 1,000. Usiku imayenda, m'mawa imakocheza padoko kuti alendo atsike akaone malo, madzulo n'kupitirira. Ku Sydney sitima zazitali, zimene sizingathe kudutsa kunsi kwa mlatho wa Harbour Bridge, zimaima pa Circular Quay, moyang'anizana ndi nyumba yotchuka ija ya Opera House. Malowo ndi okongola zedi, kotero kuti chithunzi chake n'chimene makampani amakonda kuika pachikuto cha timabuku tawo toitanira alendo. Chimene timabukuto sitinena n'chakuti mlendo wochokera ku London amafika pamalopo ali ngati munthu amene amudzutsa pakati pa usiku n'kumuuza kuti asangalale.

Vutoli lili ndi dzina lachingerezi lakuti jet lag, limene lidayamba kuoneka m'nyuzipepala za ku America m'zaka za m'ma 1960, ndege za jeti zitangofala. M'Chichewa mulibe liwu lake, pakuti makolo sadayendepo liwiro lotere. Kunena mwachidule, ndiko kusemphana kwa wotchi ya pakhoma ndi wotchi ya m'thupi. Kuti zimveke bwino mpofunika kubwerera pang'ono ku phunziro la jogalafe, lija ophunzira ambiri amaloweza pokonzekera mayeso kenaka n'kuliiwala.

Dziko limazungulira kamodzi pa maola 24, ndipo kuzungulira konseko ndi madigiri 360. Motero pa ola limodzi limatembenuka madigiri 15, ndiye kuti digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse. Popeza limazungulira cholowera kum'mawa, a kum'mawa ndiwo amayamba kuona dzuwa. Kale mzinda uliwonse udali ndi nthawi yakeyake, poona pamene dzuwa lafika paliwombo, ndipo padalibe wodandaula kufikira pamene njanji zidabwera ndi ndandanda zake. M'chaka cha 1884 nthumwi za maiko 25 zidakumana ku Washington ndi kugwirizana kuti mzere wodutsa ku Greenwich, mu London, ndiwo ukhale poyambira kuwerenga. Malawi ali maola awiri patsogolo pa Greenwich. Sydney amakhala maola 11 patsogolo m'miyezi yotentha, chifukwa kumeneko amapititsa mawotchi patsogolo ndi ola limodzi m'nyengo imeneyo. Mu Febuluwale, pamene belu la 7 koloko m'mawa likulira pa sukulu ya ku Dedza, ana a ku Sydney amakhala ataweruka kale, nthawi ili 4 koloko madzulo.

Masamu amenewa sadavutitse munthu m'masiku a sitima. Angerezi oposa miliyoni imodzi adasamukira ku Australia nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, atalipira mapaundi khumi okha munthu mmodzi, ndipo m'zaka zoyambirira ambiri adapita pa sitima, ulendo wa masabata anayi kapena asanu podzera mu ngalande ya Suez. Wotchi ya m'sitima ankaisuntha pang'onopang'ono, mphindi makumi awiri kapena atatu pa tsiku, ndipo thupi silinkazindikira n'komwe. Ngakhale masiku ano sitima ya Queen Mary 2, imene idayamba ntchito mu 2004, imatenga mausiku asanu ndi awiri kuchokera ku Southampton kukafika ku New York, ndipo maola asanu osiyanitsa mizindayo amawagawa limodzilimodzi panjira. Opita kumadzulo amapatsidwa masiku asanu a maola 25, ndipo amatsika ali ndi mphamvu zawo.

Ndege zoyamba nazo zidali zodekha. Pamene kampani ya Qantas idayamba ulendo wa pakati pa Sydney ndi London mu Disembala 1947, ndege yake ya mtundu wa Constellation inkanyamula anthu 29, inkatenga masiku anayi, ndipo alendo ankagona m'mahotela panjira. Zinthu zidasintha mu Okutobala 1958, pamene ndege za jeti, Comet 4 ya ku Britain ndi Boeing 707 ya ku America, zidayamba kuwoloka nyanja ya Atlantic. Pasanathe zaka khumi sitima zambiri zonyamula anthu zidasowa okwera. Eni ake, posafuna kuzigulitsa kwa ophwanya zitsulo, adazisandutsa zatchuthi, ndipo ndege yomwe idawalanda malonda ija ndiyo tsopano imawatutira alendo kuchokera kutsidya kwa dziko. Anthu adalira liwiro ndipo adalipeza, koma paja akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Kuti chamoyo chili ndi wotchi yakeyake, woyamba kuchionetsa adali katswiri wa ku France, Jean-Jacques d'Ortous de Mairan, mu 1729. Iye adaika m'malo amdima kachitsamba kamene kamafunya masamba usiku, monga momwe mtedza umachitira kumunda dzuwa likalowa, ndipo adapeza kuti kadapitiriza kufunya ndi kutambasula masamba pa nthawi yake ngakhale sikankaona dzuwa. Za munthu zidatsimikizika patapita zaka zoposa mazana awiri. Mu 1962 mnyamata wina wa ku France komweko, Michel Siffre, wa zaka 23, adatsikira m'phanga lozizira la m'mapiri a Alps wopanda wotchi, nakhalamo miyezi iwiri. Anzake atamuuza pa 14 Sepitembala kuti nthawi yakwana, iye adali kuganiza kuti tsikulo ndi 20 Ogasiti. Mutu wake udasokonezeka pa kawerengedwe ka masiku, komabe thupi lake lidapitiriza kugona ndi kudzuka motsata ndondomeko yopitirira pang'ono maola 24. Akatswiri a ku Harvard, poyesa mosamala mu 1999, adapeza kuti tsiku la m'thupi la munthu ndi maola 24 ndi mphindi pafupifupi 11.

Wotchi imeneyi idapezeka malo ake mu 1972. Ndi kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 m'kati mwa ubongo, pamwamba penipeni pa malo amene mitsempha yochokera m'maso imapingasana. Kaguluka ndiko kamalamula nthawi imene thupi litenthe kapena lizizire, nthawi imene njala ibwere, ndi nthawi imene ubongo utulutse melatonin, madzi a m'thupi amene amachuluka kukada ndi kuuza ziwalo kuti usiku wafika. Kutentha kwa thupi kumatsika kwambiri cha m'ma 4 kapena 5 koloko m'bandakucha, ndipo mlonda aliyense kapena namwino wogwira ntchito usiku amaidziwa nthawi imeneyi popanda kuuzidwa, chifukwa ndi pamene zikope zimalemera koposa. Kachitidwe ka wotchiyi m'kati mwa selo kadafotokozedwa ndi Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2017 atafufuza mu tintchentche ta pa zipatso.

Tsiku ndi tsiku kuwala kolowa m'maso ndiko kumakonza wotchiyi kuti isapitirire. Koma kuwongolako kuli ndi malire: pafupifupi ola limodzi pa tsiku ngati wotchi ifunika kufulumizidwa, monga zimakhalira popita kum'mawa, ndi ola limodzi ndi theka kapena kupitirirako pang'ono ngati ifunika kuchedwetsedwa, monga popita kumadzulo. N'chifukwa chake ulendo wa kum'mawa ndiwo wowawa. Thupi, pokhala ndi tsiku lalitali kale, limalola kuchezera kusiyana ndi kugonekedwa nthawi isanakwane. China n'chakuti wotchi si imodzi. Chiwindi, matumbo ndi minofu zili ndi mawotchi awo, ndipo kafukufuku wa pa makoswe adaonetsa kuti zimenezi zimachedwa kutsatira ya mu ubongo. Mlendo angathe kuyamba kugona bwino koma m'mimba mwake mukadali chipwirikiti, wodzimbidwa masana, wanjala pakati pa usiku.

Tsono tsiku loyamba la Mngerezi uja liyenera kuwerengedwa pa mawotchi awiri. Potera 6 koloko m'mawa, thupi lake limadziwa kuti ndi 7 koloko madzulo, ndipo amamva bwino ndithu, mpaka kudzinyenga kuti iye vutoli lamuphonya. Akamaliza za mapasipoti ndi katundu amapita kudoko, koma m'sitima salola kulowa kufikira alendo a ulendo wapitawo atatsika onse ndipo zipinda zakonzedwa. Pofika masana, ali pamzere wolembetsa, kwawo ndi 1 koloko usiku. Chakudya chamasana amachidya thupi lili pa 2 kapena 3 koloko usiku, nthawi imene m'mimba simuyembekeza kanthu. Madzulo 8 koloko, pamene anzake akuvala bwino kupita kuchakudya chachikulu cholandirira alendo, thupi lake likuti kwacha, ndi 9 koloko m'mawa. Amagona chifukwa cha kutopa, koma 2 koloko usiku maso amakhala ali gwa, pakuti ku London ndi 3 koloko masana.

Ola lofunika kuliyang'anitsitsa ndi la 4 koloko madzulo, chifukwa cha m'menemo, sitima itatsala pang'ono kunyamuka, ndi pamene zophunzitsa alendo za chitetezo zimayenera kukhala zitachitika. Mlendo aliyense amayenera kudziwa malo ake osonkhanirapo pakagwa ngozi, kavalidwe ka jekete loyandamitsa, ndi chizindikiro cha ngozi, chimene ndi kulira kwa lipenga kufupikufupi kasanu ndi kawiri kotsatidwa ndi kulira kumodzi kwakutali. Kwa wochokera ku London, 4 koloko imeneyo ndi 5 koloko m'bandakucha, ola lija thupi limazizira ndipo nzeru zimagona. Phunziro limene lingapulumutse moyo wake limamufika pa nthawi imene sangagwire kanthu.

Phunziroli si mwambo wongokwaniritsa. Pa 13 Januwale 2012 sitima ya Costa Concordia idagunda thanthwe pafupi ndi chilumba cha Giglio, ku Italy, itanyamula anthu oposa 4,000, ndipo anthu 32 adafa. Ngoziyo idachitika patangopita maola ochepa sitimayo itanyamuka padoko la Civitavecchia, ndipo alendo mazana angapo amene adakwerera padokolo adali asanaphunzitsidwe, popeza lamulo la nthawi imeneyo linkalola kuti phunzirolo lichitike m'kati mwa maola 24. Kuyambira mu Januwale 2015 lamulo la maiko onse limafuna kuti lichitike sitima isananyamuke kapena itangonyamuka. Mliri wa Covid-19 utapita, makampani ambiri adasintha kachitidwe: mlendo amaonera kanema wa malangizo pa foni kapena m'chipinda chake, kenaka n'kupita kukaonekera pamalo ake osonkhanirapo. Njirayi imachepetsa kuunjikana, zoona, koma kanema angathe kutha munthu akuwodzera pabedi, ndipo makina adzalemba kuti waonera.

Langizo limene limamveka kawirikawiri n'lakuti wopita kum'mawa akafika aziwothera dzuwa la m'mawa. Langizoli n'labwino kwa amene wadumpha maola asanu kapena asanu ndi limodzi, koma kwa wa ku Sydney limatembenuka. Kuwala kumene kumafika m'maso ola lozizira lija lisanakwane kumachedwetsa wotchi, pamene kofika litapitirira kumaifulumiza. Kwa Mngerezi amene wangofika, ola limenelo limagwa cha m'ma 3 kapena 4 koloko madzulo a ku Sydney. Ndiye kuti dzuwa lonse la m'mawa ndi la masana limakankhira wotchi yake m'mbuyo, ndipo ndi la madzulo lokha limene limaikokera kutsogolo. Matupi ambiri, pokokedwa uku ndi uku, amangosankha njira yaitali: m'malo mofulumira maola 11, amachedwa maola 13. Njira iliyonse imene thupi lingatenge, ntchitoyo imadya sabata yathunthu kapena kupitirira, pamene ulendo wonse wa ku New Zealand nthawi zambiri sufika masabata awiri. Munthu walipira masiku khumi ndi awiri, koma amene awaone ndi maso ake enieni mwina ndi asanu otsiriza.

Pamwamba pa izi, sitimayo siima kudikira thupi. Ikatuluka m'doko imalowa m'nyanja ya Tasman, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000, masiku awiri osaona mtunda, ndipo nyanja imeneyi imadziwika ndi mafunde. Wosowa tulo akagwidwanso ndi nseru ndi chizungulire, chakudya chokoma chija chimangomudutsa. Panjira wotchi ya m'sitima imapititsidwanso patsogolo maola awiri, kuti ifanane ndi ya ku New Zealand. Pano pali chodabwitsa chimene aphunzitsi a masamu angakondwe nacho: kwa mlendo amene thupi lake lidasankha kufulumira, malire amuthawa, kuchoka pa maola 11 kufika pa 13, pamene kwa amene thupi lidasankha kuchedwa, ulendo wafupika, kuchoka pa 13 kufika pa 11. Anthu awiri ogona m'chipinda chimodzi, bambo ndi mayi a kunyumba, angathe kukhala kuti wina akulowera uku wina uko.

Chipinda nachonso chili ndi mbali yake. Zipinda zotsika mtengo zili m'kati mwa sitima ndipo zilibe zenera, kotero kuti masana ndi usiku n'chimodzimodzi. Munthu wotopa amene wati angotsinzina pang'ono masana m'chipinda chotere angadzuke patapita maola asanu ndi limodzi, atagona usiku wa ku London wathunthu ndi kufafaniza zonse zimene thupi lidayamba kuphunzira. Mowa, umene m'sitima zotere umagulitsidwa paliponse, umabweretsa tulo msanga koma tosakhalitsa. Kofi wa madzulo amawonjezera moto. Melatonin wa mapiritsi, malinga ndi kuunika kwa bungwe la Cochrane mu 2002, amathandiza anthu odumpha maola asanu kapena kuposa ngati amumwa pa nthawi yogonera ya kumene afika, koma womumwa pa nthawi yolakwika amangowonjezera chisokonezo. Ku America amagulidwa m'sitolo, pamene ku Britain amafuna kalata ya dokotala. Odwala shuga obaya insulini, ndi ena onse omwa mankhwala pa ola loikika, amafunika kukhala pansi ndi dokotala asananyamuke kuti agwirizane kuti ola lawolo lidzawerengedwa pa wotchi iti.

Si zonse zimene mlendo amamva zili za wotchi. Mpweya wa m'ndege ndi wopepuka ngati wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, monga pamwamba pa phiri la Zomba kapena ku Nyika, ndiponso ndi wouma kwambiri. Kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumatupitsa mapazi, ndipo mwa ena magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo. Bungwe la zaumoyo la WHO lidalengeza mu 2007 kuti chiopsezo chimenechi chimawirikiza kawiri munthu akakhala paulendo maola anayi kapena kuposa, ngakhale kuti amene amagwidwa ndi ochepa, pafupifupi mmodzi mwa anthu 6,000. Kutopa kwa mtundu umenewu kumatha munthu akasamba, kumwa madzi ndi kugona usiku umodzi. Mmalawi wopita ku London amakhala m'ndege usiku wonse, koma popeza akuyenda cholowera kumpoto, wotchi imasiyana ndi ola limodzi kapena awiri okha, ndipo mawa lake amakhala bwino. Wokakwera sitima ya tchuthi ku Durban sasuntha wotchi konse. Chimene chimavuta ndi mizere ya nthawi imene munthu wadumpha, osati kutalika kwa njira kokha.

Pali chiopsezo china chosakhudza thupi koma thumba. Sitima siyembekeza wochedwa. Ili ndi nthawi yake yotulukira m'doko, ili ndi anthu zikwi amene afika kale, ndipo khomo limatsekedwa nthawi yonyamuka isanakwane. Ulendo wa ku Sydney umakhala wa ndege ziwiri kapena ndege imodzi yoima panjira, mwachitsanzo maola 13 kukafika ku Singapore ndi ena asanu ndi atatu kumaliza, kapena maola asanu ndi awiri kukafika ku Dubai ndi ena 14. Ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri imapita, ndipo yotsatira ingakhale ya mawa. Amene adagula matikiti a ndege payekha, osadzera ku kampani ya sitima, ameneyo amadzionera yekha: afune ndege ina yomutengera ku New Zealand, alipire hotela, adikire masiku awiri kapena atatu kufikira sitima itakocheza padoko loyamba. Ena amafika iwo koma sutikesi n'kutsala panjira, ndipo sutikesi kulondola sitima imene imasintha doko tsiku lililonse si ntchito yamasewera.

Mankhwala a zonsezi ndi odziwika ndipo alibe chinsinsi: kufika masiku awiri kapena atatu sitima isananyamuke, kapenanso kugona usiku umodzi kapena iwiri panjira. Ku Singapore wotchi ili maola asanu ndi atatu patsogolo pa London m'nyengo yachisanu, motero woima kumeneko amagawa katundu wake pawiri. Masiku atatu sathetsa jet lag ya maola 11, koma amachotsa kutopa kwa m'ndege, amapereka mpata woti katundu wotsalira afike, ndipo munthu amalowa m'sitima akutha kumva zimene akuuzidwa. Chimene chimaletsa ambiri ndi mtengo wa hotela ya ku Sydney m'nyengo ya alendo, ndiponso masiku a tchuthi kwa amene akadali pantchito. Komabe kuumira ndalama ya mausiku awiri utalipira kale ya ulendo wonse ndi kuwerengera kolakwika, pakuti masiku oyamba a m'sitima, amene munthu amawataya ali chigonere, adalipiridwanso.

Makampani a ndege akuyesa njira zawo. Vutoli lidadziwika kale: Wiley Post, amene adazungulira dziko pa ndege m'masiku asanu ndi atatu mu 1931, ankadzizoloweza kugona ndi kudya pa nthawi zosinthasintha asananyamuke. Mu Malichi 2018 Qantas idayamba ulendo wosaima panjira pakati pa Perth ndi London, wa maola pafupifupi 17. M'chaka cha 2019 idayesa maulendo a kafukufuku, wa New York kupita ku Sydney mu Okutobala ndi wa London kupita ku Sydney mu Novembala, uliwonse wa maola 19 ndi mphindi zingapo. Pa ulendo wa ku New York m'ndege mudali anthu 49 okha, kuphatikizapo akatswiri a ku University of Sydney. Ngakhale ndegeyo idanyamuka usiku, magetsi adawasiya oyaka kwa maola angapo, okwera adapatsidwa chakudya cha tsabola kuti asagone, ndipo adawadzutsa kuti achite masewera olimbitsa thupi m'kanjira ka pakati pa mipando. Cholinga chidali choti wotchi ya ku Sydney iyambe kugwira ntchito ndege ikadali pamwamba pa America. Mu 2022 kampaniyo idaitanitsa ndege 12 za Airbus A350 zoti zidzayende maulendo oterewa. Kuchotsa malo oima panjira kumafupikitsa ulendo ndi maola ochepa ndipo kumachepetsa mwayi wophonya ndege yachiwiri, koma maola 11 aja amakhalapobe.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene mlendo saiona, ndipo achinyamata amene amalota ntchito ya m'sitima ayenera kuidziwa. Amene amanyamula sutikesi, kuyala bedi ndi kuperekera chakudya ndi anthu ochokera m'maiko ambiri, makamaka ku Philippines, ku Indonesia ndi ku India, ndipo ambiri amasaina kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi inayi. Nawonso amafika pa ndege. Wa ku Manila wotumizidwa ku Sydney amadumpha maola atatu okha, koma mnzake wotumizidwa ku Miami amadumpha 12 kapena 13, ndipo kawirikawiri amalowa m'sitima pa tsiku losinthana alendo, limene ndilo lotanganidwa koposa masiku onse a ulendo. Mlendo wotopa amatseka chitseko n'kugona. Wantchito amavala yunifolomu n'kuyamba kuphunzira makonde a sitima yachilendo, ndipo zipinda za antchito ambiri zili kunsi, zopanda zenera.

Pangano la maiko lotchedwa Maritime Labour Convention, la mu 2006, limene lidayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2013, limati wantchito wa m'sitima azipuma maola osachepera khumi pa maola 24 aliwonse, ndiponso osachepera 77 pa masiku asanu ndi awiri. Maola khumiwo sayenera kugawidwa koposa pawiri, ndipo gawo limodzi likhale la maola osachepera asanu ndi limodzi. Panganolo limawerenga maola opuma monga alembedwera m'kaundula, ndipo silingathe kulamula kuti tulo tibwere m'maola amenewo. Antchito omwewa ndiwo amaima pamasitepe ndi pamalo osonkhanirapo lipenga likalira kasanu ndi kawiri, atavala zovala zowala, kuwerenga maina ndi kulozera alendo njira ya ku mabwato.